Misala, Chibadwa ndi Makina Ojambula Ubongo

Ndapatsidwa mpata woti ndinene za matenda a m'mutu amene timangoti misala.

Munthu akadwala m'mutu, kuno timathamangira kunena kuti amulodza, kapena timati banja lonselo ndi lamisala, mpaka atsikana a kumeneko kusowa owakwatira. Tiyeni timve zimene ofufuza apeza.

Iwo amayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi chibadwa, chimene amati DNA, malangizo a thupi amene timatengera kwa bambo ndi mayi. Chachiwiri ndi zithunzi za ubongo zojambulidwa ndi makina a MRI popanda kung'amba mutu. Ku Britain kuli ntchito yotchedwa UK Biobank, imene inatenga magazi a anthu 500,000 pakati pa 2006 ndi 2010, ndipo pofika 2025 anali atajambula anthu 100,000. Palinso gulu la ENIGMA, loyamba mu 2009, limene limasonkhanitsa zithunzi za ubongo zochokera m'maiko ambiri.

Nanga zithunzi zonsezo angazione ndani? Apa ndi pamene pakulowa kompyuta, mwa njira yotchedwa machine learning. Mukudziwa mmene mwana amaphunzirira kusankha mtedza wambewu: mumamuonetsa wabwino ndi wofumbwa kambirimbiri mpaka diso lizolowere. Kompyuta nayo amaionetsa zithunzi ndi DNA za odwala ndi za osadwala, iyo n'kumafufuza kuti ndi kachidutswa kati ka chibadwa kamene kamayendera limodzi ndi kusintha kwa ubongo.

Apezapo chiyani? Pa nthenda ya schizophrenia, ija munthu amamva mau amene ena sakuwamva, mu 2014 anapeza malo 108 m'DNA okhudzana nayo, ndipo mu 2022 malowo anafika 287. Malo aliwonse amangoonjezerako pang'ono chabe. Palibe kachidutswa kamodzi kotchedwa misala. Ngakhale mapasa ofanana ndendende, mmodzi atha kudwala mnzake osadwala. Tonse tikudziwa kuti mbewu imodzimodziyo imabala mosiyana kudimba ndi kumtunda. Mavuto a paubwana komanso chamba zimaonjezera chiopsezo.

Chenjezo ndi ili. Kufikira lero palibe chithunzi cha ubongo kapena kuyeza magazi kumene kumanena kuti uyu ali ndi schizophrenia. Dokotala amadziwa pocheza ndi wodwala ndi abale ake. Wina akabwera ndi kamakina n'kumati akupimani m'mutu mumulipire, musagulitse mbuzi yanu.

Chinanso, anthu ambiri amene anayezedwa ndi azungu, choncho zimene kompyuta yaphunzira zimaphonya kwambiri pa ife anthu akuda. N'chifukwa chake kafukufuku wa NeuroGAP anatenga DNA ya anthu zikwizikwi ku Ethiopia, Kenya, Uganda ndi South Africa.

Tsono ife tichitenji? Tisadikire makina. Muno m'Mozambique muli matekiniko ophunzira za matenda a m'mutu, ndipo mankhwala ochepetsa nthendayi alipo. Mbale wathu akayamba kuyankhula yekha, kusagona usiku kapena kuopa anthu, tisamumange zingwe, tipite naye kuchipatala msanga. Akayamba mankhwala tizimukumbutsa kumwa, asasiye yekha poti wapezako bwino. Ndipo tileke kuloza zala agogo osalakwa.