NDALAMA ZA KHONSOLO YATHU: AMAGAŴA NDANI?

Mawu kwa ophunzira a sukulu ya kwacha pa Makwasa, m'boma la Thyolo



Mwamaliza maphunziro a sukulu ya kwacha. Tsopano mumalemba dzina lanu nokha. Ambiri a inu mumathyola tiyi m'maesiteti. Kalaliki akapachika masamba pa sikelo, mumaŵerenga nokha makilo amene walemba. Malipiro akabwera, mumadziŵa ngati akwanira kapena apereŵera.

Lero tikambe za ndalama zina zimene zimafunanso maso anu. Izi ndi ndalama zimene boma limatumiza kuno ku Thyolo chaka ndi chaka. Zimabwera m'dzina lanu. Ndizo zimakumba mjigo, kumanga mlatho, kukhoma malata pa sukulu. Kodi mumadziŵa amene amanena kuti, "Chaka chino tiyambe ichi, icho chidikire"? Tiyeni tione pamodzi.

Khonsolo ndi chiyani?

Khonsolo ndi boma laling'ono la kwathu konkuno. Maofesi ake ali ku boma, ku Thyolo. Tawuni ya Luchenza ili ndi khonsolo yakeyake, koma ife a Makwasa, Thekerani, Bvumbwe ndi Goliati tili pansi pa Khonsolo ya Thyolo.

M'khonsolo mumakhala makhansala. Khansala mumasankha ndinu, pa tsiku lomwe lija mumasankha Pulezidenti ndi phungu. Dera lake limatchedwa wodi. Mumakhalanso mafumu aakulu ndi nthumwi za magulu ena, monga amayi ndi achinyamata. Aŵa amalankhula ndi kulangiza, koma saponya voti. Aphungu a Nyumba ya Malamulo nawonso amakhala nawo pa misonkhano. Nkhani yawo ndi yaitali, tibwera nayo.

Ndiye pali a DC. A DC sitisankha ife, amaikidwa ndi boma. Iwo ndiwo amayang'anira ogwira ntchito onse a khonsolo, ndiwonso amayankha ndalama zikasoŵa.

Ntchito za khonsolo ndi zimene zili pafupi ndi ife: sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, misika, mijigo, alangizi a zaulimi, ndi misewu yafumbi yoloŵa m'midzi. Si zonse zimene mumaona zili za khonsolo ayi. Msewu wa tala wochokera ku Thyolo kudzera pano pa Makwasa kupita ku Thekerani ndi wa boma lalikulu. Chipatala cha Malamulo ndi cha mpingo wa Seventh-day Adventist, umene uli pamalopo kuyambira 1902. Mukadziŵa mwini wa chinthu, simugogoda khomo lolakwika.

Ndalama zimachokera kuti?

Mayi akakhala pamsika ndi nthochi kapena tomato, wamsonkho amadula tikiti. Mwini golosale amalipira laisensi. Ndalama zimenezi ndi za khonsolo. Koma ndi zochepa ndithu. 

Ndalama zambiri zimachokera ku Lilongwe. Kumeneko aphungu amakambirana bajeti, ndiye kuti ndondomeko ya ndalama za dziko lonse. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Musati ndalamazo ndi mphatso. Ndi msonkho wanu womwe. Mumalipira pogula mayunitsi a foni.

Mu 1998 boma lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono. Lidatulutsanso mfundo ija mudaimva pa wailesi, yakuti "Mphamvu ku Anthu". Mfundoyo idati makhonsolo azilandira K5 pa K100 iliyonse imene boma latolera. Makhonsolo akhala akudandaula zaka zambiri kuti gawo limeneli silikwana, ndiponso limafika mochedwa.

Tamverani apa. Ndalama zambiri zobwera ku khonsolo zimabwera zili ndi dzina kale. Izi ndi malipiro a aphunzitsi. Izi ndi za chipatala. Izi ndi za alangizi. Khonsolo siingatenge malipiro a aphunzitsi n'kumangira mlatho. Zotsala, za chitukuko chenicheni, ndi kagawo kochepa. Pa kalembera wa 2018 adaŵerenga anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo. Anthu onsewo maso ali pa kagawo komweko.

Tsono zofuna ndi zambiri. Wina akuti madzi, poti amayi amatsika phiri kukatunga kumtsinje. Wina akuti nyumba ya mphunzitsi, poti aphunzitsi amakana sukulu yopanda nyumba. Wina akuti milatho imene madzi adakokolola pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mlimi wa ku Thekerani akuti mbewu yatsopano ya nthochi, poti matenda a chisaka adamaliza zakale zija. Onseŵa akunena zoona. Koma paja akuluakulu adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Pafunika kusankha choyamba. Ndipo mkangano wonse wagona pamenepa: asankhe ndani?

Phungu ndi khansala

Ntchito ya phungu ili ku Nyumba ya Malamulo. Amapanga malamulo. Amavomereza bajeti. Amafunsa nduna kuti ndalama zayenda bwanji. Amanena mavuto a anthu ake. Ntchito ya khansala ili kuno kumudzi: kutenga zofuna za wodi yake kupita nazo ku khonsolo, ndi kuyang'anira chitukuko.

Papepala n'zomveka bwino. Nanga zidasokonekera pati?

Makhansala oyamba a nthaŵi ya zipani zambiri tidaŵasankha mu Novembala 2000. Nthaŵi yawo idatha mu 2005. Chisankho china sichidachitike. Dziko lidakhala lopanda makhansala zaka 9, mpaka pa 20 Meyi 2014. Mwana wobadwa chaka chimene makhansala adachoka adafika Sitandade 3 asadaonepo khansala.

M'zaka zimenezo mudachitika zinthu ziŵiri. Mu 2006, pa ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, boma lidayambitsa thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Ndilo mumalimva kuti CDF. Kenaka mu 2010 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la 1998 lija, n'kupatsa aphungu mphamvu yoponya voti m'khonsolo. Pamene makhansala amabwerera mu 2014, adapeza mpando wawo pakhala kale munthu.

Ndalama za CDF zimadzera ku akaunti ya khonsolo. Sizichokera m'thumba la phungu. Koma kwa zaka zambiri mawu a phungu ndiwo adali ndi mphamvu posankha ntchito. N'chifukwa chake mumamva anthu akuti, "Mlatho uwu adatimangira ndi aphungu athu." Amayi n'kuvina, n'kululutira. Kuthokoza si kulakwa. Koma dziŵani kuti simentiyo idagulidwa ndi msonkho wanu.

Vuto lake nali. Ku esiteti, wothyola masamba ndi wina, wopima ndi wina. Munthu mmodzi atamathyola yekha, kupima yekha, kulemba yekha m'buku, makilo ake mungaŵakhulupirire? Phungu amavomereza ndalama ku Lilongwe. Akabwera kuno n'kusankhanso ntchito, mwina n'kulozanso womanga, adzafunsa ndani ndalama zikasoŵa? Adzadzifunsa yekha? Oŵerengera ndalama za boma apeza kangapo, m'maboma osiyanasiyana, ntchito za CDF zolipiridwa koma zosamalizidwa. Zina zidali zolembedwa m'buku koma pamalopo palibe ngakhale njerwa.

Koma tisaike mlandu wonse pa aphungu. Ifenso tili ndi mbali yathu. Kukagwa maliro timathamangira kwa phungu kukapempha bokosi. Mwana akathamangitsidwa fizi, kwa phungu. Wodwala akafuna galimoto, kwa phungu. Pa chisankho sitifunsa kuti, "Mudapanga lamulo lanji?" Timafunsa kuti, "Mudatimangira chiyani?" Phungu amadziŵa kuti akapanda chooneka ndi maso, mpando wapita. Ndiye amagwiritsa thumba lija ndi manja aŵiri. Ndiponso aphungu amati khonsolo imachedwa, mapepala amagona m'maofesi, ndipo ena ogwira ntchito kumeneko manja awo si oyera. Apanso sakunama kotheratu.

Nkhaniyi idafika kukhoti. Bungwe la makhonsolo onse, lotchedwa MALGA, ndilo lidakasuma. Mu Meyi 2025 oŵeruza atatu a Khoti Lalikulu adagamula kuti n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa CDF ndi kuponya voti m'khonsolo. Adati wopanga malamulo asakhalenso wogwira ntchitoyo. Aphungu sadakondwe nazo. Kumapeto kwa 2025 adavomereza bilu yosintha malamulo aakuluwo pa nkhani ya CDF, koma Pulezidenti Peter Mutharika adakana kuisaina.

Mwina mukuti, "Imeneyo ndi ndewu ya akuluakulu, ife ikutikhudza pati?" Taŵerengani manambala aŵa. Mu 2022 CDF idakwera kufika K100 miliyoni pa dera la phungu mmodzi. Mu 2024 idafika K200 miliyoni. Musadabwe kuti zomanga sizidachuluke kaŵiri. Pakati pa zaka zimenezi, mu Novembala 2023, kwacha idatsika mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo simenti ndi malata zidakwera mtengo. Pa kampeni ya chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, a Peter Mutharika adalonjeza K5 biliyoni pa dera lililonse. Ndiye kuti K200 miliyoni ija kuiŵerenga ka 25. Ndalama zotere zikagwa m'manja osayenera, dera lonse lataya zaka.

Kugaŵa pang'onopang'ono

Pali chizoloŵezi china chimene ine ndimadana nacho. Tichite samu imodzi. Tiyerekeze kuti dera lili ndi magulupu 40, ndipo ndalama ndi K200 miliyoni. Mtsogoleri akufuna kukondweretsa onse. Agaŵa mofanana. Gulupu aliyense alandira zingati? Eya, K5 miliyoni.

Zikumveka zachilungamo, si choncho? Koma taonani zotsatira zake. Apa akumba maziko a chipatala, ndalama zatha. Apo akweza khoma la kalasi kufika pa zenera, ndalama zatha. Mvula ya kuno mumaidziŵa. Khoma lopanda denga likagona dzinja limodzi kapena aŵiri, lagwa. Chaka chamaŵa tiyambanso pansi. Midzi 40 yaomba m'manja, koma palibe mwana waloŵa m'kalasi yatsopano.

Kuli bwino kumaliza zinthu zisanu kusiyana ndi kuyamba 40. Izi zimaŵaŵa, chifukwa midzi ina idikira. Wodikirayo angapirire pokhapokha ataona mndandanda wolembedwa, n'kudziŵa kuti iye ali pa nambala yakuti, chaka chakuti. Mndandandawo ukakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, umasintha malinga ndi mudzi umene udamuvotera.

Inu mumaloŵa khomo liti?

Njira ilipo, ndipo imayambira kwa gulupu. Kumeneko kuli komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC. Anthu amakhala pansi n'kugwirizana zofuna zawo, kuyamba ndi chachikulu. VDC imatumiza zimenezi ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC. ADC imasanja za midzi yonse n'kupita nazo ku khonsolo. Kumeneko akatswiri amaŵerengera mitengo yake, makhansala n'kuvomereza dongosolo la chitukuko cha boma lonse.

Misonkhano ya VDC ambiri sitipitako. Ena amati kulibe alawansi. Ena ali kuntchito, poti nthaŵi ya mvula masamba achuluka ndipo kapitawo sapereka mpata. Pemphani amfumu kuti msonkhano ukhale tsiku lopuma, kapena madzulo mutaŵeruka. Amayi, musakhale kumbuyo n'kumangovomera. Mtunda wa kumjigo mumaudziŵa ndinu. Abambo akati bwalo la mpira, inu nenani za madzi, ndipo onetsetsani kuti mlembi walemba.

Kulembako n'kofunika. Komiti iliyonse imafuna mlembi. Kale mumakana chifukwa cha cholembera. Lero chokanira palibe. Lembani tsiku, lembani zimene mwagwirizana, lembani amene adalipo. Buku limodzi lipite ku ADC, lina litsale m'mudzi.

Ntchito ikayamba, pitani pamalopo. Funsani kuti ndalama zake n'zingati, zachokera ku thumba liti, womanga ndani, atha liti. Ngati aika chikwangwani, kopani manambala ake m'kope lanu. Galimoto ikatsitsa simenti, ŵerengani matumba. Papepala pakalembedwa 100 koma pansi pali 70, musasaine. Musadinde chala. Nenani mwaulemu kuti, "Pepani bambo, ndisaina 30 enawo akafika."

Musaope kuti mukulakwira boma. Pali lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Mungathe kulemba kalata kwa a DC kupempha kuona ndalama zimene dera lanu lalandira ndi ntchito zimene zagwira. Kalata ya gulu imalemera kuposa ya munthu mmodzi. Sungani ina yofanana nayo, ndipo wolandira alembepo tsiku.

Aphungu akabwera kudzachititsa msonkhano, alandireni bwino. Afunseni za ku Lilongwe: chifukwa chiyani ndalama za khonsolo zimachedwa, adanenapo chiyani za mankhwala m'zipatala, za malipiro a m'maesiteti, za kuchepa kwa malo olima kuno ku Thyolo. Zimenezo ndizo zawo, ndipo khansala sangazithe. Za mjigo wowonongeka ndi mlatho wa kumunsi kwa mudzi, itanani khansala, abwere ndi mndandanda.

Sabata yamaŵa mukamabwera ku kalasi, aliyense abwere atalemba m'kope mayina atatu: la khansala wa wodi yake, la wapampando wa VDC, ndi la ntchito imene mudzi wake udaika poyamba chaka chino. Amene sadziŵa afunse kwa a nyakwaŵa. Tidzaŵerenga limodzi pa bolodi.