Chipewa cha azakhali anga

Ndikuona ena mukuyang'ana ulusi ndi singano zolukira zimene ndanyamulazi n'kumadabwa kuti kodi lero tabwerera zoluka. Nkhani yathu ndi yomwe ija ya HIV ndi Edzi, koma ndiloleni ndiyambire kwa azakhali anga.

Azakhaliwo ali ndi mwana mmodzi wamwamuna, msuweni wanga. Kwawo n'kutali ndi kuno, dzina lake sinditchula, ndipo nkhaniyi ndikuikamba mwini wake atandilola. Ali ndi zaka 22 anawauza makolo ake kuti iye sakopeka ndi akazi, mtima wake umakonda amuna anzake. Bambo ake anamuponyera chikwama panja usiku womwewo. Patapita sabata tinangomva kuti wakwera basi ya ku Johannesburg.

Ndisaname, inenso ndinaseka nawo. Mawu onyoza aja oti mathanyula anatuluka m'kamwa mwanga muno, pa mjigo, anthu akumva. Pamenepo n'kuti ndili kale mlangizi wa achinyamata, wophunzitsa anzanga kuti kusalana n'koipa. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Azakhali sanayankhule kanthu kwa miyezi isanu ndi itatu. Iwo ntchito yawo ndi kuluka tizipewa ndi timasokosi ta makanda n'kumagulitsa tsiku la sikelo. Tsiku lina m'mwezi wa May ndinapita kukawaona, ndipo anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Iwe, kodi ku Joni kumazizira?" Ndinawauza kuti mu June ndi July kumazizira kwambiri, mpaka udzu umachita kuyera m'mawa. Anati ndiwaonetse chithunzi chake pa WhatsApp. Pachithunzipo panali kambendera ka mitundu ya utawaleza, ndiye anafunsa kuti kameneka n'kachipani chanji.

Si kachipani. Mbendera imeneyi anaipanga Gilbert Baker mu 1978 mumzinda wa San Francisco ku America. Iye ndi anzake ananyika okha nsalu mu utoto n'kuisoka. Poyamba inali ndi mitundu isanu ndi itatu, koma yotchuka masiku ano ili ndi isanu ndi umodzi: wofiira, wa olenji, wachikasu, wobiriwira, wabuluu ndi wapepo. Anthu onga msuweni wanga amaitenga ngati chizindikiro chawo, ndipo makolo ndi anzawo amavala mitunduyi posonyeza kuti sanawataye.

Azakhali anangoti, "Tandiwerengeranso mitunduyo." Ulusi wina ndinakawagulira kuboma. Wachikasu unasowa, ndiye anamasula juzi yawo yakale, ulusiwo n'kuuchapa, n'kuukulunga. Analuka usiku, ndi tochi, amuna awo atagona. Chipewacho kunja chinali chakuda chokhachokha. Mizere ya utawaleza anaiika mkati, mopinda muja, moti munthu sangaione pokhapokha atachivula. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Zoti adzionetse kwa anthu kapena ayi, asankha yekha. Ine ndikungofuna adziwe kuti mayi ake akudziwa, ndipo akadali mayi ake."

Tinachitumiza kudzera kwa anyamata onyamula katundu aja. Chitafika anaimba foni, koma kwa kanthawi timangomva kulira. Atatonthola ndi pomwe anaulula kuti wakhala akutsokomola ndi kuwonda kwa miyezi itatu, koma sanapite kukayezetsa magazi. Mawu ake anali oti, "Amayi, ndimati ndikapezeka nako ndimwera ndani mankhwalawo?" Azakhali anamukalipira monga amachitira ali mwana. Anati mawa lomwe apite, ndipo madzulo aimbenso. Anapita. Anamupeza ndi kachirombo ka HIV, anayamba ma ARV, ndipo pano akayeza magazi ake kachiromboko sikakuonekanso. Inu mukudziwa tanthauzo lake: munthu womwa mankhwala mokhulupirika mpaka kufika pamenepa sapatsiranso mnzake kachirombo pogonana.

Anzanga, taganizani. Mnyamata wophunzira, wodziwa bwino kuti kuyezetsa n'kwaulere, anakhala miyezi itatu akudwala osapita kuchipatala. Uthenga wa Edzi anali nawo wonse. Chinasowa ndi munthu womufuna wamoyo.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Mukuti kumpingo kapena kumzikiti anatiphunzitsa zina. Ine sindinabwere kudzatsutsana ndi abusa kapena mashehe, ndiponso azakhali angawo sanasiye kupemphera, Lachinayi kuchigwirizano amapitabe. Ena mukuti ndi matenda kapena ziwanda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachotsa khalidweli pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndiye palibe jakisoni kapena sing'anga woti akamusinthe. Za malamulo ndinene poyera: malamulo a dziko lathu amaletsabe kugonana kwa amuna okhaokha, chilango chake chimafika zaka 14, ndipo mu June 2024 khoti linagamula kuti lamuloli likhalebe. N'chifukwa chake mnzako akakuuza chinsinsi chotere, pakamwa pako pali moyo wake. Ukachiulula, ngakhale mocheza, ukhoza kumumenyetsa, kumuthamangitsitsa pakhomo kapena kumumangitsa. Ndipo musatuluke muno n'kuyamba kulukira munthu utawaleza chifukwa choti mukumuganizira. Azakhali anadziwa chifukwa anauzidwa.

Koma kachirombo sikawerenga malamulo, ndipo ife alangizi tili ndi ngongole kwa achinyamata amenewa. Maphunziro athu onse timakamba ngati aliyense ali ndi chibwenzi cha mnyamata ndi mtsikana. Msuweni wanga ankaganiza kuti kondomu ndi ya oopa mimba basi. Palibe anamuuzapo kuti kugonana kodzera kumbuyo kumapatsira HIV mosavuta kuposa kwina konse, chifukwa khungu la mkati mwake ndi lopyapyala, silichedwa kung'ambika. Kondomu ndi yofunika nthawi zonse, pamodzi ndi mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Vaseline kapena mafuta ophikira amafewetsa kondomu n'kuiphulitsa. Kwa amene alibe kachirombo kuli mankhwala oteteza a PrEP, kafunseni kuchipatala. Zimenezi tizizinena kwa gulu lonse osaloza munthu, wofunika kumva amva yekha.

Azakhali anga si oyamba. Mu 1972 ku New York, mphunzitsi wa pulaimale dzina lake Jeanne Manford anaona mwana wake Morty atamenyedwa pa nkhani yomweyi. Analemba kalata kunyuzipepala, kenako anaguba naye mumsewu atanyamula chikwangwani chopempha makolo anzake kuti aime ndi ana awo. Mu 1973 makolowo anayamba kukumana, ndipo gulu lawo ndi lomwe lero limatchedwa PFLAG. Mayi ameneyo anatha kunyamula chikwangwani. Azakhali sadziwa kulemba, komanso kumudzi kwawo chikwangwani chotere chikanawaotchetsa nyumba. Chomwe anali nacho ndi singano ziwiri.

Bambo ake sanamuyankhulebe mpaka lero. Kungoti mwezi watha, azakhali ali pakhonde akuluka juzi, bambowo anaima pakhomo n'kufunsa osawayang'ana kuti, "Kodi uja mankhwala akumwa?" Azakhali anati akumwa. Iwo anangotenga khasu n'kumapita.

Ulusi ndabwera nawowu ndi wotsala pa chipewa chija. Amene mukufuna kuphunzira kuluka mutsalire tikatseka ndi pemphero, anyamatanso musathawe. Wofuna kuyankhula nane payekha andipeza pomwepo.