Masese a ku Scotland ndi ntchito ya yunivesite

Ena mukudabwa kuti munthu amene anasiyira panjira maphunziro a ku yunivesite anganene chiyani za yunivesite. Ine ndine mtolankhani chabe, ndipo ndabwera ndi nkhani ya masese.

Ku Scotland amatcheza mowa wotchuka uja wa whisky. Aliyense amene anaonapo mayi akutcheza kachasu akudziwa kuti cholowa m'botolo n'chochepa, zambiri zimatsala mumphika. N'chimodzimodzi kumeneko: pamatsala masese a barele ndi madzi ambirimbiri. Masese ena ankadyetsa ng'ombe, koma zotsalazo zinali mtolo kwa eni mafakitale.

Profesa Martin Tangney wa pa Edinburgh Napier University anatenga zotsalazi n'kuzipatsa mabakiteriya otchedwa Clostridium. Tizilombo tosaoneka ndi masoti tikadya, timatulutsa acetone, ethanol ndi butanol, amene atha kuyendetsa galimoto. Nzeruyi si yatsopano ayi. Chaim Weizmann anaitulukira pa yunivesite ya Manchester nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chatsopano n'chakuti chakudya cha tizilomboto chinachokera kudzala. Kafukufukuyu anabala kampani ya Celtic Renewables, ndipo mu 2017 galimoto inayenda ndi mafuta a masese.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chotheka m'kabotolo ka mu labotale sichitheka msanga mu thanki yaikulu. Tizilombo timafa, zina zimawola, ndalama zimapita. Kampani yaing'ono singagule makina oyesera, ndipo mphunzitsi alibe fakitale. N'chifukwa chake mu 2014 boma la Scotland linaika mapaundi 10 miliyoni kukhazikitsa bungwe la IBioIC pa yunivesite ya Strathclyde ku Glasgow. Kampani imabwera ndi vuto lake, bungwe limaipezera katswiri wa ku yunivesite, ndipo amagawana mtengo wa kafukufuku. Matanki oyesera anawaika pa Heriot-Watt ku Edinburgh kuti makampani azibwereka. Ophunzira nawo amapita kukagwira ntchito m'makampanimo asanalandire digiri. Chikhala kuti ine ndinaona zotere, mwina bwenzi ndisanachoke. Zaka zanga zonse kumeneko sindinapondemo m'fakitale.

Koma ndisakunamizeni. Kuchokera pa kabotolo kufika pa fakitale ya kampaniyi ku Grangemouth panadutsa zaka zoposa 10. Ndipo mu 2025 fakitale yaikulu yoyenga mafuta a pansi m'tauni yomweyo inatsekedwa, anthu pafupifupi 400 n'kuchotsedwa ntchito. Fakitale ya masese singawalembe onsewo. Wandale wokuuzani kuti sayansi ibweretsa ntchito chaka chamawa akufuna voti yanu basi.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Kuno kwathu takhala tikutcheza ethanol kuchokera ku molasses, zotsalira popanga shuga, ku Dwangwa kuyambira 1982, n'kumasakaniza ndi petulo. Ku Chikwawa anayamba mu 2004. Ntchito ya tizilomboyi tili nayo kale, ngakhale sitiitchula ndi dzina lalitali la Chingerezi. Tilinso ndi makoko a mtedza, madeya a mpunga ndi zotsalira za chinangwa.

Inu amene munaphunzitsa kapena kugwira ntchito m'mafakitale a kunja, pempho langa ndi laling'ono. Pezani mkulu wa fakitale mmodzi wovomera kutchula chimene amataya tsiku ndi tsiku, ndi mphunzitsi mmodzi wa ku Bunda kapena ku Thyolo wovomera kutumiza ophunzira ndi mabotolo kukatunga. Nyuzi yathu idzalemba zimene adzapeze, ngakhale zitakanika.