Tsiku Limene Tinasiya Bokosi

Ife ndife gulu la amayi ogulitsa mumsika ku Lilongwe. Ena timapikula zitenje ndi nsapato ku Lusaka, ena timakwera basi yodzera pa Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge kukatenga mabulangete ndi ziwiya ku Joni. Atipempha kuti tifotokoze mmene tinasiyira bokosi n'kuyamba kuponya masheya pafoni ndi kusunga ndalama kubanki. Tinena zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe.

Bokosi lija tinkalikonda, ndipo panali chifukwa. Njira ya banki m'khonde inayamba ndi amayi a ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE, ndipo inafika mpaka kwathu chifukwa ndi yosavuta kuimvetsa. Bokosi lachitsulo, maloko atatu, makiyi kwa amayi atatu, bokosilo n'kumagona kwa mayi wachinayi. Ndalama timaziwerengera pamphasa aliyense akuona. Ngakhale amene sanapite kusukulu amadziwa kuti palibe wamubera.

Koma ife ndife anthu apaulendo. Mayi wosunga kiyi akapita ku Joni, pankatha masiku khumi bokosi lisanatsegulidwe, wofuna ngongole ali chidikirire. Mu 2020, matenda a Covid-19 atavuta, kusonkhana kunakhala kovuta, ndipo ena mwa ife anatsekeredwa kunja kwa dziko. Chimene chinatidzidzimutsa kwambiri chinachitika chaka chotsatira, kutatsala milungu yochepa kuti tigawane. Akuba anathyola nyumba yoyandikana ndi ya amayi amene ankasunga bokosi. Loweruka lake anabwera atalisenza, n'kuliika pakati pathu. Anati, "Amayi anzanga, tengani katundu wanu. Ine ndili ndi ana, sindikugona tulo." Tinayang'anana, koma palibe anadzipereka kulitenga.

Mungaganize kuti tinasintha tsiku lomwelo. Ayi. Tinakangana misonkhano itatu. Wina ankati netiweki imavuta, wina ankati amadula ndalama zambiri potumiza. Apampando athu anaona kuti zifukwa zimenezi ndi zapamwamba chabe, ndipo anapempha kuti aliyense anene chimene akuopa kwenikweni. Apa m'pamene zinatuluka. Mayi wina wachikulire anati sadziwa kuwerenga mauthenga apafoni, ndipo amachita manyazi kufunsa ana. Wina anati bambo akunyumba amagwira foni yake, akaona uthenga adziwa ndalama zimene wasunga. Wina anali atapusitsidwapo ndi munthu woimba foni wonamizira kuti watumiza ndalama molakwitsa. Ena ankaopa kuti atsikana odziwa mafoni ndi amene azilamulira gulu. Ndipo tonse tinali ndi mantha amodzi: bokosi likachoka, tidzasonkhaniranso chiyani?

Pofuna kuti tisakhumudwitse munthu, tinachita chinthu chimene timanong'oneza nacho bondo. Tinagwirizana kuti wofuna foni aziponya pafoni, wofuna bokosi aziponya m'bokosi. Kwa miyezi isanu ndi umodzi mlembi ankalemba mabuku awiri. Titaphatikiza, ndalama sizinagwirizane. Amayi awiri amene akhala moyandikana mabenchi kwa zaka zambiri anasiya kupatsana moni, wina akuganizira mnzake. Titafufuza bwino, tinapeza kuti palibe anaba. Masheya ena analembedwa kawiri, m'buku ili ndi m'buku ilo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ife tinavumbwadi. Kuima pakati kunatipweteka kuposa bokosi, kuposanso foni.

Zitatero tinakhala pansi n'kutenga mantha aja amodziamodzi, ndipo alionse tinawapezera lamulo lake. Tinatsegula akaunti m'dzina la gulu, titatenga malamulo athu olembedwa ndi zitupa za unzika. Makiyi atatu aja anasanduka anthu atatu osainira, ndipo ndalama ikalowa kapena kutuluka uthenga umafika pa mafoni atatu. Pamsonkhano uliwonse timawerenga sitetimenti mokweza, dzina ndi dzina, monga tinkawerengera ndalama pamphasa. Mayi aliyense wovutika kuwerenga anasankha yekha mnzake womuthandiza kutumiza pa Mpamba kapena pa Airtel Money, koma nambala yachinsinsi amadina yekha, mnzakeyo atayang'ana kumbali. Nambala ya akaunti tinailemba m'kati mwa kabuku ka aliyense, ndipo tinapangana kuti munthu asatumize ndalama chifukwa choti wina wamuimbira foni. Amayi amene ankaopa za kunyumba aja analembetsa simu khadi ina m'dzina lawo, imene imakhala m'kachikwama ka kumsika. Ndalama zodulidwa potumiza tinaziwerengera n'kuziyerekeza ndi za minibasi zimene tinkawononga pothamangitsana ndi makiyi. Msonkhano wa Loweruka sunasinthe, chindapusa cha wochedwa chilipobe, thumba langozi lilipobe.

Kenako tinaika tsiku, n'kuvota poimika manja. Si onse anavomera. Amayi awiri anatenga masheya awo n'kuchoka, ndipo tinawaperekeza mwaulemu. Mmodzi anabwerera patapita chaka, winayo sanabwerere, koma timagawana nayebe makasitomala mumsika.

Phindu la zimenezi tinaliona mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Mukukumbukira mmene zinalili, mtengo wam'mawa wina, wamadzulo wina. Mnzathu wina anali pa Mchinji akufuna kuwolokera ku Chipata, n'kupeza kuti mpamba wake sukukwananso. Kale akanabwerera kudzadikira Loweruka. Tsiku limenelo anaimbira komiti, ngongole inavomerezedwa, ndipo dzuwa lisanalowe ndalama inali pafoni yake. Anapikula katundu mitengo isanakwerenso.

Tisakunamizeni kuti zonse zili myaa. Kwacha ya kubanki inagwa chimodzimodzi ndi ya m'bokosi. Tsiku lina netiweki imasowa, tsiku lina ejenti alibe fuloti. Walira mvula walira matope. Koma palibenso mayi amene amagona khutu lili kukhomo chifukwa cha ndalama za gulu.

Amayi anzathu, mwina gulu lanu linasiya kale bokosi, pakuti a ku Zimbabwe anazolowera EcoCash ndipo a ku Mozambique ali ndi M-Pesa. Mwina chimene chikukuopsani inu ndi china: kulembetsa bizinesi, kusiya njira zam'tchire n'kumadutsa pachipata ndi mapepala, kapena kupereka mpando kwa mtsikana. Chimene ife tinaphunzira n'chakuti mantha a mnzanu musawaseke. Muloleni awatchule dzina pamaso pa gulu, ndipo muwapezere yankho looneka, lolembedwa m'malamulo. Mukatero ikani tsiku, ndipo tsikulo likafika musasiye mwendo umodzi kumbuyo. Amene akubwerera kwawo mawa ndi nkhani imene gulu lawo lakhala likuizengereza, aiike poyamba pa msonkhano ukubwerawu.

Bokosi lija tikadali nalo. Timasungamo mabuku, chidindo ndi makapu a tiyi, ndipo limagona kwa amayi omwe aja amene analibweza. Akuti masiku ano amagona mpaka tambala wachitatu.