Ndalama Yopanda Umboni Siwerengedwa



Mu 2020 dziko la Estonia linayamba kupereka viza kwa anthu ogwira ntchito pa intaneti, mabwana awo ali kwina. Linafuna umboni wa malipiro a miyezi 6. Ine ndinkapeza ndalama m'njira zitatu: kumasulira mabuku, kulemba malipoti ndi kuphunzitsa. Ndinadziyesa wokwanira. Koma posonkhanitsa mapepala, ndinaona kuti za uphunzitsi ndinkalandirira m'manja, popanda kontrakiti kapena sitetimenti ya kubanki. Zotsalazo zinaperewera, ulendo n'kufera m'mazira.

Aphunzitsi ankatiuza kuti tizilemba chilichonse. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anzanga, malipiro a ganyu aliyense azidzera kubanki.