Chofunda cha ku Trowa

Mawu olalikidwa kwa mpingo wa ku mapiri a Neno, m'mwezi wa Juni. Powerenga: 2 Timoteo, mutu 4.

Taona umo mwalowera m'nyumba muno mmawa uno, manja m'khwapa, makanda atakulungidwa mpaka kumutu, ndi ena a inu mukali kununkha utsi wa moto umene munausiya monyinyirika. Sitikudzudzulani, pakuti ifenso tayenda m'nkhungu, osaona ngakhale mtengo uli patsogolo pathu. Anzathu a ku Lisungwi ndi ku Zalewa, amene agona kuchigwa cha Shire, akamva ife tikudandaula angoseka. Pakuti Neno ndi dziko limodzi, koma nyengo zake ndi ziwiri. Kuno kumtunda, kwa Dambe kufikira ku Tsangano, kumene kumera tirigu ndi kachewere, Juni ndi Julayi ndiyo miyezi imene khasu lipuma kumunda wa chimanga, koma liitanidwa kawirikawiri kumanda.

Mwamva kalata imene tawerenga. Wolemba wake ndi Paulo, nkhalamba yomangidwa m'ndende ku Roma, yodziwa kuti imfa yayandikira. Tikadayesa kuti munthu wotere adzanena za kumwamba zokha. Koma taonani, pakati pa mawu akulu akumbukira chofunda chake chimene anachisiya ku Trowa, napempha Timoteo abwere nacho. Nampemphanso afulumire chisanu chisanafike, chifukwa m'miyezi imeneyo zombo sizinkayenda pa nyanja ija, ndipo wochedwa ankadikira kufikira nyengo itatha. Anzake ena anali atamsiya, ena atatumidwa kutali. Luka yekha ndiye anatsala naye. Chotero mtumwi anapempha zinthu ziwiri m'kalata imodzi, chofunda ndi munthu wobwera nacho, ndipo sanachite manyazi ndi chimodzi cha izo. Tinene za chofunda poyamba.

Moto ndi bwenzi la miyezi ino, koma bwenzi lofuna kuliyang'anira. Alipo a ife amene alowetsa mbaula ya makala m'chipinda, natseka chitseko, natsekanso mipata yonse ndi nsanza, nagona. Makala oyaka m'nyumba yotsekeka atulutsa mpweya wosaoneka ndi wopanda fungo, umene ulowa m'mwazi nulanda malo a mpweya wabwino. Munthu ayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, pambuyo pake tulo tolemera, ndipo m'tulo momwemo banja lonse likhoza kutha, anthu n'kuyamba kulozana zala za ufiti. Othani mbaula chitseko chili chotsegula, ndipo muitulutse musanagone. Mukapeza munthu wafooka m'nyumba yotere, mtulutseni kunja msanga, nimuthamange naye kuchipatala.

Ndipo inu amene muli ndi mwana wokwawa, kapena mbale wodwala khunyu, musamsiye yekha pamoto ngakhale kwa nthawi yokatunga madzi. Akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabala kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, kapena mafuta, kapena phulusa, monga tionera m'midzi mwathu.

Tsono chibayo. Pano tikhalitsa pang'ono, pakuti ndicho chitilanda ana. M'nyengo ino tigona mothinana m'nyumba za utsi, chimfine chiyenda kuchokera kwa wina kumka kwa wina, ndipo mwa mwana wamng'ono chitsikira m'mapapo. Amayi, vulani mwana pachifuwa pamene ali chete, nimuyang'ane kupuma kwake. Mwana wa miyezi 2 kufikira 11 akapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndi wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, chimenecho si chimfine wamba. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, kapena mwana akaleka kuyamwa, musayembekeze kuti kuche bwino, kapena kuti bambo abwere kumsika adzalamule. Mphini za pachifuwa sizifika kumapapo. Makolo athu anatema mphini chifukwa analibe china, ndipo sitiwaseka. Koma ife tili nacho china. Katemera woteteza ana ku mtundu umodzi waukulu wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi muno m'chaka cha 2011, ndipo apezeka kusikelo kwaulere. Kuyambira 2007 a Abwenzi Pa Za Umoyo agwira ntchito pamodzi ndi boma m'dziko lino la Neno, ndi oyendera odwala alipo m'midzi mwathu momwe. Kodi mwana adzafa m'nyumba, chithandizo chikudutsa pakhomo?

Khanda lobadwa m'miyezi ino musafulumire kulisambitsa. Lipukuteni, liikeni pachifuwa cha amake khungu ndi khungu, chipewa kumutu, nsalu pamwamba pa onse awiri. Palibe bulangete la m'sitolo lofunda koposa pamenepo.

Kwa abambo tili ndi mawu amodzi. Mumati kachasu atenthetsa thupi. Inde, munthu amva kutentha pakhungu, chifukwa mowa utsegula mitsempha ya pakhungu, ndi mwazi uthamangira kunja. Koma kutentha kumeneko ndiko kukutuluka, monga nyumba imene mwini wake watsegula zitseko zonse usiku. Woledzera akagwa m'njira usiku wa Julayi, mame ndi mphepo ya mwera zimaliza ntchito. Ndalama ya botolo igula nyemba, ndi phala lotentha la nsinjiro lisunga munthu kufikira mmawa.

Tibwerere kwa Paulo. Akadafuna chofunda chokha, kodi mu Roma monse munalibe nsalu? Luka sakadamfunira china? Ife tiyesa kuti nkhalamba ija inafuna chofunda chake chomwe, chimene inayenda nacho maulendo, ndipo koposa inafuna nkhope ya mwana wake wa mumzimu polowa nacho pakhomo la ndende.

Chaka chatha, m'mwezi ngati uno, tinapita kukacheza kwa gogo wina wamasiye wa mpingo uno. Dzina lake sititchula. Ana ake ali ku Johannesburg, ndipo si ana oipa. Anamtumizira bulangete lalikulu lokongola, loti ambiri a ife sitinafundepo. Tinalipeza likali m'pepala lake, pamwamba pa mtanda, gogoyo atadzipinda pamphasa ndi chitenje chimodzi, pamafuwa pali zii. Titafunsa, anati, "Abusa, ndisonkhere yani moto? Ndiphikire yani?" Anali atatha masiku atatu osalankhula ndi munthu. Ndipo ife, tivomere pamaso panu, tinali titadutsa pa njira ya kunyumba kwake kawiri mwezi womwewo, tikuthamangira misonkhano. Tsiku lija tinasonkha moto, amayi akunyumba naphika phala, ndipo gogo anatsitsa yekha bulangete lija, natifunditsa ife alendo pamiyendo.

Umo ndimo chisanu chilowera mumtima. Dzuwa lilowa msanga, anthu atseka zitseko, pabwalo palibe wocheza, ndi usiku utalika kwa iye amene agona yekha ndi maganizo ake: wamasiye, mayi amene mwamuna wake anapita kuntchito nakhala chete, mnyamata amene kachewere wake sanagulidwe bwino ndi ngongole ikumdikira. Munthu wotere aleka kudya, aleka kusamba, tulo timthawa kapena agona usana wonse, ndipo ife timati waulesi, kapena wayamba kunyada. Abale, chisoni chokhalitsa masabata ndi nthenda, ndipo kuchipatala aithandiza monga athandiza mphumu ndi kuthamanga kwa mwazi. Wina akanena kuti moyo wamtopetsa, musamdzudzule ndi vesi, musamseke. Khalani naye usiku umenewo, nimumperekeze mmawa. Ndipo iwe amene mtima wako walemera, tuluka uwothe dzuwa pamene pali anthu, ndipo unene. Mtumwi wamkulu analemba poyera kuti akufuna chofunda chake ndi kuti anzake amsiya, ndipo mpingo wawerenga mawu amenewo zaka zonsezi osampeputsa.

Sitidziwitsidwa m'Malembo ngati Timoteo anafika zombo zisanaleke kuyenda. Ife tilibe nyanja yowoloka. Nyumba zimene tikunena zili kuseri kwa nkhokwe zathu.

Chifukwa chake tikatha kupemphera musabalalike. Akulu a mpingo akhale pansi pa mtengo uja ndi amayi otsogolera, mudzi ndi mudzi, nawerenge nyumba zimene mugona munthu mmodzi yekha, ndi zimene muli khanda kapena wodwala. Anyamata, Loweruka mudzatema nkhuni za nyumba zimenezo, ndi kumata ming'alu ya m'zipupa. Amene ali ndi juzi kapena bulangete lachiwiri abwere nalo Lachinayi. Koma asalisiye m'manja mwathu kuti tikapereke ife. Adzauzidwa nyumba, nadzapita nalo yekha madzulo, atatenga ufa pang'ono, ndipo asatuluke m'nyumbamo phala lisanapse.

Tipemphere.