Kuŵerenga Masabata Chobwerera M'mbuyo

Fakitale ya njinga ikalonjeza kupereka njinga 200 m'sabata la 12, kodi masipoko ake iyenera kuitanitsa liti? Yankho lake silipezeka poyang'ana katundu amene ali m'nyumba yosungiramo lero. Limapezeka poŵerenga masabata chobwerera m'mbuyo.

Ngati kumanga njingazo kumatenga sabata limodzi, ndiye kuti magudumu 400 ayenera kukhala okonzeka m'sabata la 11. Kuluka magudumuwo kukamatenga masabata aŵiri, masipoko ayenera kukhala atafika m'sabata la 9. Ndipo ngati wogulitsa masipoko amatha masabata 6 asanafikitse katundu, oda iyenera kuchoka m'sabata la 3. Gudumu lililonse likamafuna masipoko 36, onse pamodzi akwana 14,400, ndipo pa chiŵerengerochi amachotsapo amene alipo kale. Oda ikachedwa ndi sabata limodzi lokha, amisiri amangokhala manja lende, mafelemu ndi maunyolo ali mbwee, pamene malipiro akuŵerengedwabe. Ikafulumira kwambiri, ndalama zimagona m'mabokosi.

Njira imeneyi imatchedwa Material Requirements Planning, mwachidule MRP. Amene anaifotokoza mwadongosolo ndi a Joseph Orlicky a kampani ya IBM, m'buku lawo la mu 1975. Masamu ake ngosavuta, koma chifukwa chakuti chinthu chimodzi chimakhala ndi zipangizo mazanamazana, ntchitoyi inayenda bwino pamene makompyuta anafika m'mafakitale.

Komabe pali msampha umene omvera ayenera kuudziŵa. Kompyuta imakhulupirira kuti masabata 6 aja sasintha. Wogulitsa akachedwa kamodzi, wokonza maoda amachita mantha nalemba masabata 8. Maoda amayamba kutuluka msanga, namuunjikira wogulitsa uja, ndipo iye amachedwa koposa kale. Pamenepo wokonza maoda amawonjezeranso masabata ena, osazindikira kuti mbali ina ya kuchedwako waiyambitsa yekha.

Kuchedwa kwina, ndithudi, sikuchokera mu ofesi. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo katundu wa Malaŵi anayamba kudzera ku Durban ndi Dar es Salaam, njira zotalika kwambiri. Amalonda amene anapitiriza kuitanitsa katundu poŵerengera masiku a njira ya ku Beira anamudikira mpaka m'nyumba zosungiramo munatsala fumbi lokha.